Thumba la opanga zitsulo limalankhula ng'anjo isanazime

Loweruka pa 12 Epulo 2025 aphungu a ku Britain anawadula tchuthi kuti akakhazikitse lamulo tsiku lomwelo. Chinawaitanitsa chinali ng'anjo ziwiri za British Steel ku Scunthorpe. Eni ake, kampani ya Jingye ya ku China, ankati akuluza mapaundi pafupifupi 700,000 tsiku lililonse, ndipo anali atasiya kuitanitsa malasha ndi miyala ya chitsulo. Ntchito za anthu pafupifupi 2,700 zinali pachiswe.

Ng'anjo yosungunulira chitsulo sazimitsa ngati mbaula. Ikazizira, zonse zili m'katimo zimauma gwaa, ndipo kuti iyakenso pamafunika ndalama zosaneneka. Iyenera kudya usana ndi usiku, malonda ayende kapena asayende. N'chifukwa chake ife timati wofuna kudziwa kumene chuma chikulowera ayambe wafunsa kuti opanga zitsulo ali ndi ndalama zingati m'manja ndi kubanki. Milatho, nyumba, njanji ndi magalimoto zonse zimayambira kwa iwo, choncho maoda akayamba kuchepa amamva kuwawa ena onse asanadziwe. Ku America, bungwe la Census Bureau limatulutsa chiwerengero cha ndalama zomwe makampani ali nazo m'manja ndi kubanki miyezi itatu iliyonse, ndipo opanga zitsulo ali ndi gawo lawolawo.

Kuwerenga kwake kumafuna nzeru. Thumba likamaphwa aliyense amaona kuti zinthu zavuta. Likamatupa ambiri amaomba m'manja, pomwe ife timayamba tafunsa kaye. Mu 2021 mitengo ya zitsulo inakwera modabwitsa ndipo kampani ya zitsulo ya ArcelorMittal inapeza phindu la madola pafupifupi 15 biliyoni. Mabiliyoni ambiri anabwerera kwa eni masheya, kampaniyo ikugulanso masheya ake omwe. Mwini fakitale amene akukhulupirira kuti mawa kuli malonda amamanga ng'anjo ina. Amene akuunjika kapena kugawana, nthawi zambiri amakhala akukayika. Kukayikako kunali ndi maziko: China, yomwe imapanga zoposa theka la zitsulo za dziko lonse, ntchito zake zomanga nyumba zinalowa pansi kampani yomanga nyumba ya Evergrande itagwa m'ngongole, ndipo mu 2024 inathira kunja matani oposa 100 miliyoni pamtengo wogwetsa anzawo.

Kwathu kuno ku Malawi nkhaniyi yafika kudzera ku South Africa. Mu Januwale 2025 ArcelorMittal South Africa inalengeza kuti itseka gawo lopanga zitsulo zazitali ku Newcastle ndi Vereeniging, zomwe zikanakhudza ntchito pafupifupi 3,500. Inadandaula za kudula kwa magetsi a Eskom, mavuto a sitima za Transnet ndi zitsulo zotchipa zochokera kunja. Bungwe la boma la IDC linaponyamo marandi pafupifupi 1.7 biliyoni, koma ndalamazo zinangokankhira tsiku lotseka kutsogolo ndi miyezi 6. Kampaniyi ili pamsika wa masheya wa Johannesburg ndipo mabuku ake amasindikizidwa poyera. Wofuna kuona akanaona kalekale kuti ndalama zikutuluka kuposa zolowa.

Zitsulo zazitali zimenezi ndi zija amanga nazo ma lintala ndi mizati, waya, ndi timitengo tachitsulo timene owotcherera a ku Ndirande kapena ku Mchesi amapinda kupanga mipiringidzo ya m'mawindo. Malawi amaitanitsa kunja zitsulo zake zambiri, South Africa ikuphatikizidwa, ndipo amalipira ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale. Fakitale yapafupi ikatseka, wamalonda wa ku Limbe amakasaka katundu kutali, kulipira sitima yapamadzi ndi lole yochokera ku Beira kapena Nacala, ndipo mtengowo umakathera pa munthu amene nyumba yake yaima pa windo.

Tikupempha unduna wa zamalonda, Reserve Bank ndi mabungwe a makontilakitala kuti azitsata malipoti a makampani amene timagulako zitsulo, monga momwe amatsatira mtengo wa mafuta ndi feteleza. ArcelorMittal South Africa imatulutsa ake kawiri pachaka, ndipo kuwawerenga sikulira ndalama.