Nkhuku siigwedeza mutu pachabe

Aliyense amene anakulira pakhomo poweta nkhuku amadziwa mayendedwe ake: mutu kutsogolo, mutu m'mbuyo. Komatu apa maso amatinamiza. Mutuwo subwerera m'mbuyo ayi. Nkhuku imauponya kutsogolo, n'kuusiya utaima pamalo amodzi mpaka thupi liupeze. Pa kanthawi kameneko zonse zimakhala bata m'maso mwake, choncho kachiwala kakangosuntha mu udzu, kapena kabawi akadutsa m'mwamba, iyo yaona kale.

Mu 1978, wasayansi Barrie Frost wa ku Canada anayendetsa nkhunda, zimenenso zimaponya mutu ngati nkhuku, pa lamba wa makina, woyenda chobwerera m'mbuyo. Miyendo inkaponda ndithu, koma poti zinthu zozizungulira sizinkasuntha, nkhundazo zinaleka kuponya mutu.

Ife timakonda kulumbira kuti "ndinaona ndi maso angawa," ngati kuti diso silingaphonye. Ine ndimakayika nawo mawu amenewa. Kanema amene amatiliza ndi kutiseketsa ndi zithunzi zoima, 24 pa sekondi imodzi, ndipo ubongo ndi umene umazilumikiza n'kutiuza kuti munthu akuthamanga. Nyali ikamathima ndi kuyaka maulendo opitirira 60 pa sekondi, ambirife timaiona ngati yangoyaka. Ntchentche imaona kuphethira kumeneko ngakhale kutapitirira maulendo 200. N'chifukwa chake dzanja limene inu mukuti lachita liwiro, kwa iyo limabwera mwaulesi, n'kukusiyani mutamenya tebulo.

Chule ndiye anachita kunyanya. Mu 1959, Jerome Lettvin ndi anzake a ku yunivesite ya MIT ku America anapeza kuti diso la chule lili ndi timinyewa timene timadzuka kanthu kakang'ono kakuda kakamayenda. Mukamuunjikira ntchentche zakufa, akhoza kufa ndi njala chakudya chili pamphuno.

Nkhani imene imandisowetsa mtendere ndi ya mayi wina amene Josef Zihl ndi anzake a ku Munich analemba za iye mu 1983. M'mabuku amangotchedwa L.M. Matenda a mitsempha ya magazi anawononga mbali ya ubongo wake yotchedwa V5, kumanzere ndi kumanja komwe. Maso anali bwinobwino. Mitundu ankaiona, nkhope za anthu ankazizindikira, kuwerenga ankawerenga. Chimene chinamuchokera ndi kuona chinthu chikuyenda, basi.

Akamathira tiyi, tiyiyo ankaoneka ngati wauma m'malere, kenako n'kupeza kapu yasefukira. M'chipinda cha anthu ambiri, munthu amene anali pakhomo ankapezeka ali pambali pake osamuona akubwera. Ngakhale kucheza kunkamuvuta, poti milomo ya wolankhula sinkayenderana ndi mawu.

Choopsa kwambiri chinali msewu. Galimoto inkaoneka ili kutali, kenako ili pafupi, popanda chapakati. Mayiyu anachita kuphunzira kuwoloka ndi makutu, kumvetsera mmene phokoso la injini likukulira.