Mwendo unapola, paipi ikadali m'mimba

Msuweni wanga ankayendetsa njinga yamoto ya kabaza. Tsiku lina m'mawa lole yonyamula mchenga inamukankhira m'ngalande, njinga n'kumugwera pachiuno. Anagona m'chipatala pafupifupi miyezi iwiri. Tsiku limene anatuluka, mayi ake analuluta pakhomo, ndipo Lamulungu lotsatira anaima kutsogolo kutchalitchi kupereka umboni. Inenso ndinawomba nawo m'manja. Tonsefe sitinaone kathumba kamene anali atakamangirira pantchafu ndi chidutswa cha chitenje, mkati mwa thalauza.

Mwa mwamuna, njira ya mkodzo imachoka m'chikhodzodzo n'kudutsa kuseri ndi pansi pa fupa lakutsogolo kwa chiuno. Mafupawo akathyoka n'kusuntha, njirayo imatha kuduka ngati chingwe, ndipo zimatero mwa mwamuna mmodzi pa amuna pafupifupi 10 othyoka m'chiuno. Chikhodzodzo chimadzaza, munthu akumva kuthinidwa, koma kukutuluka timadontho ta magazi basi. Pofuna kumupulumutsa, madokotala amaboola pansi pa mchombo n'kulowetsa paipi molunjika m'chikhodzodzo. Kenako amadikira miyezi itatu kapena kuposerapo kuti kutupa kuphwe, asanachite opaleshoni yeniyeni yodula chipsera ndi kulumikiza mbali ziwirizo. Kumene kuli akatswiri amene amaichita kawirikawiri, odwala 8 kapena 9 mwa 10 alionse amayambanso kukodza bwino. Ndiye kuti paipi ija ndi mlatho chabe wowolokera.

Msuweni wangayo anakhala pamlathopo zaka ziwiri ndi theka. Atabwerera pa tsiku limene anamulembera, anamuuza kuti mndandanda ndi wautali. Ulendo wachiwiri dokotala wodziwa ntchitoyo kunalibe. Wachitatu ndalama ya minibasi inasowa. M'mabuku a chipatala iye anali munthu wotuluka ali bwino, ndipo m'mabukumo simunali bodza, chifukwa analowa ali pamachira n'kutuluka akuyenda yekha.

Paipi yokhalitsa ili ndi zake. Imayenera kusinthidwa pafupifupi mwezi uliwonse. Ikapitirira, tizilombo timamanga msasa m'kati mwake, timiyala timayamba kuumbika m'chikhodzodzo, ndipo tsiku lina imangotsekeka, nthawi zambiri usiku. Matenda akakwera kufika ku impso, munthu amanjenjemera ndi kutentha thupi, abale n'kumathamangira mankhwala a malungo. Zikabwerezabwereza impso zimafooka pang'onopang'ono, ndipo makina osefa magazi m'dziko muno ndi owerengeka, kumizinda ikuluikulu kokha. Palinso fungo. Munthu amene ankakonda bawo pansi pa mtengo wa mango anasiya kupitako, poona anzake akusendera kumbali mwaulemu.

Pachisuweni timanyozana mwanthabwala, choncho tsiku lina ndinamufunsa moseka ngati alamu akumusamala. Sanaseke. "Asuweni," anatero, "mwendowu unapola, koma m'nyumbamu ndine mlendo." Kuvulala kotere kumawononganso mitsempha yopatsa mwamuna mphamvu, ndipo ambiri amatsala ndi vutoli ngakhale njira ya mkodzo italumikizidwa. Pamudzi amangonong'onezana kuti uje anagwa mu mpapaya. M'wodi palibe amene anamuchenjeza, iyenso sakanayamba yekha nkhani yoteroyo pamaso pa namwino wamsinkhu wa mlongo wake.

Apa n'kosavuta kuloza chala madokotala, koma amene anakhalapo gadiyani pachipatala chachikulu akudziwa mmene khomo la fiyeta limaonekera. Pali mayi amene mwana wapingasa m'mimba, pali mwana amene matumbo abooka ndi taifodi, pali mnyamata wina wa kabaza amene akukha magazi panopa. Opaleshoni yolumikiza njira ya mkodzo imatha kudya maola atatu kapena anayi, ndipo m'maola omwewo amayi angapo akanapulumuka pamodzi ndi ana awo. Wapaipi sakufa lero. Ngakhale akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi magazini ya The Lancet mu 2015, aja anapeza kuti anthu 5 biliyoni padziko sangathe kupeza opaleshoni yabwino pa nthawi yake, anayesa mphamvu ya chipatala ndi ntchito zitatu zamwadzidzidzi: kutulutsa mwana pong'amba, kutsegula pamimba, ndi kukonza fupa lothyoka lotulukira kunja. Dziko losauka likayamba ndi zimenezi silinalakwe.

Mfundo ina ya madokotala ndi yolemera koposa, ndipo ndimaivomereza ndi mtima wonse. Opaleshoni imeneyi mwayi wake waukulu uli paulendo woyamba. Akaichita munthu wosaizolowera n'kulephera, chipsera chimakula, njira yotsala imafupika, ndipo wachiwiri amapeza zinthu zitaipiratu. Bola kudikira manja odziwa kusiyana n'kuthamangira aliyense wogwira mpeni. Akatswiri a zachikhodzodzo ndi impso kuno ndi ochepa kwambiri, choncho mzere sungalephere kutalika. Magulu a madokotala ochokera kunja amathandiza akabwera kwa sabata imodzi kapena ziwiri, komabe njirayo ikadzaphinjikanso patatha miyezi, iwo amakhala atakwera kale ndege.

Zonsezi ndi zoona. Koma zikungofotokoza chifukwa chake munthu amachedwa kulowa m'fiyeta. Sizikufotokoza chifukwa chake pa zaka ziwiri ndi theka palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa ngati paipi ija ikusinthidwa. Kumeneku sikufuna katswiri. Walira mvula walira matope, ndipo tikasankha kupulumutsa anthu ovulala kwambiri, tasankhanso kukhala ndi anthu amene adzatifuna kwa zaka.

Mbiri ya ovulala msana imatiphunzitsa bwino. Pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse, asilikali ambiri oduka mtsempha wa msana ankafa m'milungu yochepa, ndipo ambiri mwa iwo chinkawapha si chipolopolo, koma matenda a m'mkodzo ndi zilonda za pogona. Mu 1944 dokotala Ludwig Guttmann, Myuda amene anathawa ku Germany, anatsegula wodi ya odwala otere ku Stoke Mandeville ku England. Sanabwere ndi opaleshoni yatsopano. Analamula kuti wodwala azitembenuzidwa maola awiri alionse usana ndi usiku, ndiponso kuti chikhodzodzo chizikhuthulidwa mwaukhondo pa nthawi yake. Anthu amene ankawerengeredwa masiku anayamba kukhala zaka, mpaka mu 1948 anayamba kupikisana pamasewera amene anadzabala Paralympics, masewera a anthu olumala. Mu 1972 dokotala wa ku America Jack Lapides anaonetsa kuti wodwala angathe kudzilowetsa yekha kachubu kangapo patsiku, atasamba m'manja ndi sopo, popanda zida za m'fiyeta. Njira imeneyi yateteza impso za anthu osawerengeka, ndipo mtengo wake ndi kachubu, sopo, madzi, ndi namwino wodekha wophunzitsa.

Wina anena kuti kumeneko ndi ku Ulaya ndi ku America, kuno wodwala akatuluka amasowa ngati singano mu udzu, foni imene analembetsa ndi ya mlamu wake, kwawo ndi kuseri kwa phiri. Ine ndimakana. Chiyambire 2004, pamene ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere, dziko lomweli lakhala likulondola anthu zikwizikwi. Wina akajomba tsiku lotenga mankhwala, dzina lake limaoneka m'kaundula, ndipo mlangizi wa zaumoyo amapalasa njinga kukamupeza. Pa TB ndi chimodzimodzi. Ku Bwaila mu Lilongwe, amayi amene anachira fistula amabwerera m'midzi kukafunafuna anzawo obisala ndi vuto lomwelo. Luso lolondola odwala tili nalo. Kungoti tinalipereka ku matenda amene ali ndi owathandiza ndi ndalama, ovulala n'kutsala opanda mwini.

Pa mafupa tayesetsa. Kuyambira m'ma 1980 dziko lino lakhala likuphunzitsa makiliniko ofesa a zamafupa, amene lero ndiwo amagwira ntchito yaikulu m'zipatala za m'maboma. Mu 2023 chipatala cha mafupa cha LION chinatsegulidwa pa Kamuzu Central ku Lilongwe, ndipo ku Blantyre kuli Kachere kumene olumala amaphunziranso kudzithandiza. Chimene chikusoweka ndi chaching'ono poyerekeza ndi nyumba zimenezi: kaundula wa aliyense wotuluka ndi paipi, tsiku losinthira lolembedwa m'buku lake la kuchipatala, machubu opezeka pachipatala chaching'ono chapafupi, ndi funso limodzi lofunsidwa mwamseri, chitseko chili chotseka, la mmene zinthu zilili m'nyumba. Unduna wa Zaumoyo ukamawerenga maopaleshoni amene achitika pachaka, uziwerenganso kuti mwa anthuwo ndi angati abwerera kumunda kapena pantchito chaka chitatha. Nambala yachiwiriyi ndi imene ingatiuze ngati ndalama ya yoyamba ija inagwira ntchito.

Msuweni wanga anachitidwa opaleshoni m'chaka chachitatu. Atamuchotsa paipi anandiimbira foni ali kuchimbudzi, akuseka ngati mwana, kuti ndimve ndekha mkodzo ukugwa. Koma poyeza anapeza kuti impso imodzi inali itafooka kale, ndipo panjinga sanabwererepo.

Inu amene mukudwazika m'bale wanu lero, musanyamule mphasa ndi mapoto kutuluka m'wodimo musanafunse kuti paipiyo idzasinthidwa liti, kuti, ndipo adzasinthe ndani. Apempheni alembe m'bukumo inu mukuona.