MGODI UKATSEGULIDWA, TIFUNSE ZA TSIKU LOTSEKA

Patchuthi chapitachi ndili kwathu kwa Kanduku, akhristu a mphakati wathu adasonkha ndalama zoti azire pansi tchalitchi, koma atafika pasitolo kuboma la Mwanza adabwerako ndi matumba a simenti ochepa kuposa omwe adawerengera. Mkulu wina adadandaula nati, "Kodi miyala ya njereza idatha m'Malaŵi muno?" Funso limeneli ndilo landichititsa kulemba.

Anzanga ambiri tikamva dzina loti Changalume timaganiza za asilikali, poti lero kuli malo a asilikali. Koma makolo athu amadziŵa kuti kuyambira cha m'ma 1960, dziko lisanalandire ufulu, kumalo amenewa m'boma la Zomba kunali mgodi waukulu wa miyala ya njereza wa kampani ya Portland Cement. Miyala ankaiphwanya ndi kuiwotcha m'ng'anjo mpaka isanduke timibulu totchedwa klinka, ndipo sitima ya pamtunda inkanyamula klinkayo kupita ku Blantyre komwe ankaipera kukhala simenti. Masukulu, milatho ndi matchalitchi ambiri a nthaŵi imeneyo adamangidwa ndi phiri la Changalume.

M'chaka cha 2002 ntchito idaima. Anthu adachotsedwa ntchito, amayi ogulitsa ndiwo ndi zitumbuwa adasoŵa owagula, ndipo kampani idayamba kuitanitsa klinka kunja pogwiritsa ntchito ndalama zakunja zomwe dziko lathu limazisoŵa kale. Patatha zaka zoposa 40 zokumba, anthu a m'midzi yozungulira adatsala ndi maenje.

Tsopano ntchito yokumba yadzukanso, ngakhale si ku Changalume. M'chaka cha 2021 kampani ya ku China ya Huaxin idagula kampani ija kuchokera kwa eni ake a Lafarge, ndipo yamanga fakitale yatsopano m'boma la Balaka yodalira miyala ya m'mapiri a Chenkumbi. Ku Kasungu kuli Shayona, ku Mangochi nako kuli fakitale ya ku Njereza.

Ine sindikutsutsa zimenezi ai. Achinyamata akufuna ntchito, ndipo n'zochititsa manyazi kugula kunja chinthu chomwe Mulungu adatiikira pansi pa mapazi athu. Ena anganene kuti tikachulukitsa mafunso eni chuma adzathaŵira kwina. Koma kodi phiri adzalinyamula? Miyala ili kuno, choncho ifenso tili ndi mphamvu pokambirana.

Mfundo yanga ndi iyi: mgodi uliwonse uli ndi tsiku lake lotsekedwa, pakuti mwala suphukanso ngati chitsa cha bulugamu. Choncho nthaŵi yabwino yokambirana za tsiku limenelo ndi pamene mgodi ukutsegulidwa, kampani ikadali kufuna chilolezo ndi malo. Kodi maenje adzakwirira ndani, nanga ndalama zake zikusungidwa kuti? Osamutsidwa m'minda mwawo alipidwa mokwanira? Fumbi likadwalitsa ana chifuwa akadandaule kwa yani? Wogwira ntchito akuphunzitsidwa luso lanji loti lidzamdyetse ng'anjo ikadzazima? Lamulo la migodi la 2019 lidalamula kuti makampani akuluakulu azipangana mwa kulemba ndi anthu a m'deralo za chitukuko, koma pangano lomwe a nyakwaŵa ndi anthu awo sadaliwerenge n'komwe ndi pepala chabe.

Ife a ku Mwanza tisaganize kuti nkhaniyi njakutali. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa m'boma lathu kupita ku Nacala, ndipo tikudziŵa m'mene zimaŵaŵira kuona chuma chikungodutsa iwe ukuŵerenga mabogi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe.

Papa Yohane Paulo Wachiŵiri, m'kalata yake ya 1981 yonena za ntchito, adaphunzitsa kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika kuposa makina ndi ndalama. Papa Fransisko m'chaka cha 2015 adatikumbutsa kuti dziko ndi mudzi wathu tonse, kuphatikizapo ana amene sadabadwe. Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzatumizidwa m'maparishi oyandikana ndi migodi yotereyi, ndipo akhristu adzabwera ndi mapepala kuti tiwathandize kuŵerenga. Tiyeni tiphunzire nkhanizi tikadali pano, kuti tsikulo tisadzangoti "tiyeni tipemphere" anthu akusaina minda yawo. Paja mbeŵa ya manyazi idafera kudzenje.

Wophunzira wa Fomu 4,
wochokera kwa Kanduku, Mwanza