Makalata a nkhondo asawerengedwe okha

Mlandu suwola, anatero akuluakulu. Pa 16 Dezembro 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu wamba mazanamazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kum'mwera kwa mzinda wa Tete. Dziko lonse linamva nkhaniyi mu Julho 1973, pamene Bambo Adrian Hastings anailemba m'nyuzipepala ya The Times ku London, potsamira malipoti a ansembe ochokera ku Spain amene ankatumikira m'chigawo chino. Boma la Marcello Caetano linakana kwamtuwagalu, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limeneli kulibe.

Apa ndi pamene makalata a asilikali amaonetsa ntchito yake. Gulu lankhondo siliyenda popanda lamulo lolembedwa. Pepala limasunga tsiku, malo, gulu lomwe linatumidwa ndi mkulu amene analituma. Lero n'zodziwika kuti ulendo wa ku Wiriyamu unali ndi dzina lake, Marosca, ndipo anapita kumeneko ndi makomando a kampani ya nambala 6. Zoterezi wolakwa sangazikane mosavuta.

Komabe pepalalo limalembedwa ndi mwini mfuti. Lipoti la msilikali limawerenga adani ophedwa, osanena kuti wina anali mayi wobereka mwana kumsana. N'chifukwa chake katswiri wa mbiri yakale Mustafah Dhada anapita kukakhala pansi ndi opulumuka, ndipo m'buku lake la 2016 anatchula maina a anthu 385 amene anaphedwa. Mu 2022 nduna yaikulu ya Portugal ya nthawiyo, António Costa, inapepesa ku Maputo chifukwa cha chiwembuchi.

Vuto n'lakuti mboni ziwirizi zili motalikirana. Makalata ambiri ali ku Lisboa, ku Arquivo Histórico Militar ndi ku Torre do Tombo, kumene mphunzitsi wa ku Angónia kapena Macanga sangafike. Okalamba amene anaona nkhondoyo ndi maso ali kumidzi, ndipo chaka chilichonse akunka nachepa.

Boma la chigawo, mogwirizana ndi Arquivo Histórico de Moçambique, lipemphe kuti makalata onena za Tete ajambulidwe ndi kubwera nawo kuno. Litumenso ophunzira kukajambula mawu a okalamba m'zinenero zawo. Pepala likhoza kudikira zaka zina 50 m'kabati. Agogo amene anathawira kutchire ali ndi zaka khumi sangadikire.