Musanadule masipuling'i a galimoto yanu

Mwina inunso mwaziona galimoto zoyenda mimba itatsala pang'ono kukhudza phula, matayala atalowa m'kati mwa thupi. Eni ake amati zikuoneka ngati za mpikisano wa liwiro. Kuti galimoto itsike chonchi, njira yotchipa ndi kupita kwa makaniko kuti adule masipuling'i ndi gulayinda, kapena awatenthe ndi moto wowotcherera zitsulo mpaka afupike. Ine ndikuti ngati mumayenda misewu ya Ntcheu, zimenezi zisiyeni.

Mpata umene mumauona pakati pa tayala ndi thupi la galimoto uli ndi ntchito. Tayala likagunda hampu, limakwera m'mwamba, sipuling'i n'kufinyika, shoko n'kuletsa kuti galimoto isapitirize kudumphadumpha. Likalowa m'dzenje, sipuling'i imalikankhira pansi kuti lisasiyane ndi msewu. Kumapeto kwa mpatawo kuli kalabala kolimba kotchinga kuti zitsulo zisawombane.

Tiyerekeze kuti tayala lanu lili ndi malo okwera masentimita 8 lisanagunde kalabalako. Mukatsitsa galimoto ndi masentimita 5, mwatsala ndi 3 okha. Amakaniko ena amakuuzani kuti sipuling'i yodula imalimba, ndipo sanama. Koma imalimba pang'ono chabe. Mukachotsa mkombero umodzi pa mikombero 8 yogwira ntchito, kulimba kumangowonjezereka ndi 14 peresenti, pamene mpata wotayika ndi woposa theka. Choncho pa hampu iliyonse galimoto imakhala pa kalabala, nkhonya yonse n'kulowa m'thupi. Tayala limadumpha, ndipo tayala limene lili m'malere siligwira buleki kapena kumvera chiwongolero. Zikachitika pa kona muli pa liwiro, galimoto imapita kumene yafuna.

Palinso zina. Sipuling'i yofupika kwambiri imatha kuchoka pa mpando wake tayala likalendewera m'dzenje lakuya. Yotenthedwa ndi moto ndiye yoipitsitsa, chifukwa chitsulocho chimataya mphamvu imene chinapatsidwa ku fakitale, chimapitiriza kutsika, tsiku lina n'kuthyoka.

Nanga a mpikisano amatsitsiranji zawo? Galimoto ikakhala pansi sipendekeka kwambiri pokhota, ndipo za Formula 1 zimagwiritsa ntchito mpweya wodutsa kunsi kuti zikanirire pa msewu. Koma iwo amathamanga pa bwalo losalala, ndi masipuling'i opangidwira msinkhu umenewo komanso mashoko ofanana nawo. Ngakhale zili choncho, malamulo amawaletsa kutsika mopitirira. Kuyambira mu 1994, chaka chimene Ayrton Senna anafa pa ngozi ku Imola, galimotozi zimamangidwa thabwa la mamilimita 10 kunsi kwake, ndipo likaperepeseka kupyola muyezo wololedwa, woyendetsa amachotsedwa pa zotsatira. Mu Okutobala 2023, Lewis Hamilton ndi Charles Leclerc anachotsedwa motero ku Austin, m'dziko la America, pa bwalo lodziwika ndi mabampu. Ngati akatswiri okhala ndi makompyuta analephera kuyeza bwino, kuli bwanji gulayinda ya pa galaja?

Tsopano ganizirani M1 yodutsa pa Lizulu, pa boma ndi pa Kampepuza, mahampu ake ndi maenje a nthawi ya dzinja. Ganiziraninso misewu yafumbi yolowera kumidzi ya ku Tsangano. Chinthu choyamba kukhudza pansi nthawi zambiri ndi paipi ya utsi kapena mphika wa oyilo wa injini. Mphikawo ukabooka inu osadziwa, injini yonse yapita.

Mwina mukuti nkhaniyi ndi ya anyamata a m'tauni, inu simunadulepo kanthu. Taonani kumbuyo kwa Sienta kapena Probox imene yanyamula anthu, matumba a mbatatesi ndi kabichi tsiku la msika. Yatsika chimodzimodzi. Katundu wopyola muyezo amadya mpata womwe uja umene gulayinda imadya, ndipo apa kulemera kumawonjezeranso mtunda umene galimoto imayenda isanaime mukaponda buleki. Kwa ife apaulendo, iyi ndiye galimoto yotsitsidwa imene timakwera kawirikawiri.

Kudziwa ngati yanu yatha mpata sikufuna makina. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, yezani ndi tepi kuchokera pakati pa tayala kufika m'mphepete mwa thupi pamwamba pake, musanapakire ndiponso mutapakira. Kenako suzumirani kalabala kaja. Ngati kaphwanyika kapena kang'ambika, ndiye kuti galimotoyo yakhala ikuyenda itakhalira pomwepo, ndipo masipuling'i ndi mashoko ofunika kugula ndi a msinkhu umene inabwera nawo, awiriawiri, kumanja ndi kumanzere nthawi imodzi.