Tiwerenge agulugufe tisanalire cimanga

Mbozi zija zochedwa nchembere zandonda, zocokera ku America, zinalowa m'Zambia kumapeto kwa caka ca 2016, mpaka Boma linatuma ndege za asilikali kupereka mankhwala m'zigawo. Kufikira lero sizinacoke. Ife alimi a ku Nakoli ndi madera ozungulira Kabwe timazizindikira masamba atabooka kale, mbozi itabisala mumtima mwa cimanga momwe mankhwala safika bwino.

Abale, mdaniyu ali ndi mapiko. Mbozi imabadwa kwa gulugufe wa usiku amene atha kuuluka makilomita 100 usiku umodzi mphepo ikamuthandiza, ndipo wamkazi mmodzi atha kuikira mazira 1,000. Nanga cinthu cotere tingacilonde bwanji?

Akatswiri amachera misampha yokhala ndi fungo la gulugufe wamkazi, ndipo amuna amakodwamo. Msampha umodzi unganame: mwina mvula inaugwetsa, mwina fungo linatha. Koma misampha yambiri, yowerengedwa tsiku limodzi sabata iliyonse, imakonzana yokha. Ciwerengero cikakwera ku Kapiri Mposhi sabata ino, sabata yamawa n'kukwera ku Kabwe, ku Chibombo kukali zii, ndiye kuti gululo lilowera kummwera, ndipo a ku Chibombo acenjezedwe. Nambala yatsopano iliyonse imawongola cimene akatswiri anayerekeza poyamba. Ndiye cifukwa cake mu 2018 bungwe la FAO linatulutsa pulogalamu ya pafoni yochedwa FAMEWS yosonkhanitsira manambalawa.

Koma kompyuta siilowa m'munda. Maso ake ndife. Ambiri timapita kwa mlangizi wa zaulimi pokhapokha munda utaonongeka, osadziwa kuti mau akuti "kwathu kulibe" nawonso ndi ofunika, pakuti ndi amene aonetsa pomwe mdani alekezera.

Tipempha tsono kuti mphakati uliwonse usankhe anthu awiri. Cimanga cikangomera, aziyendera munda sabata iliyonse: malo asanu, mapesi khumi pamalo alionse, onse pamodzi 50. Alembe tsiku, malo, ndi mapesi opezeka ndi mazira kapena mbozi, ngakhale atapeza ziro, napereke kwa mlangizi. A Unduna wa Zaulimi nawo asamangolandira manambala athu, azitibwezera cenjezo pa wailesi nthawi ikalipo.

Cala cimodzi sicipha nsabwe. Kope ndi pensulo n'zochipa kuposa botolo la mankhwala logulidwa mocedwa.