Mpamba umathera pa ndiwo, tidzale kenakake pakhomo tisanakwere basi



Lero tisiye kaye za reti ya randi ndi za msonkho wa pa boda. Tikambeko za khasu. Tikudziwa kuti ena mwaseka kale. Mukuti munthu wogona m'basi masiku awiri popita ku Joni, kapena wokhala pamzere ku Kasumbalesa sabata yathunthu, nthawi yothirira mpiru aipeza kuti? Dikirani timvane.

Ambiri a ife geni ikagwa timaloza boda, timaloza kugwa kwa kwacha, timaloza uja anatenga katundu pangongole n'kuzimitsa foni. Zonsezo n'zoona. Koma pali kabowo kena kamene sitikawerengera, ndiko ndalama ya ndiwo. Tili pa Beitbridge foni yalira, kunyumba kulibe chodyera nsima. Tatumiza. Mawa lake tili pa Musina yaliranso, tomato wakwera, anyezi watha. Tatumizanso. Ndalama imeneyo sichokera pa phindu ayi, chifukwa katundu sitinagule n'komwe. Imachokera pa mpamba. Pofika pooda timapeza kuti mabulangete amene timati tigula 40 tagula 36, ndipo sitidziwa kumene anayi aja apita.

Tingoyerekeza. Ngati pakhomo pamatuluka K3,000 patsiku pa masamba, tomato ndi anyezi basi, pamwezi ndi K90,000. Pachaka yadutsa K1 miliyoni. Ikanipo mtengo wa kwanuko, kaya ndi kwacha ya ku Zambia, metikali kapena randi, muone nokha. Sitikunena kuti dimba la pakhomo lipulumutsa yonseyo. Koma ngakhale theka lake ndi transipoti ya ulendo wina.

Ndipo msewu umene timaudalirawu watiphunzitsa kale kuti chakudza sichiyimba ng'oma. Mu March 2020 South Africa inatseka chifukwa cha corona, mabasi a Joni n'kuima. Mu May 2022 kwacha ya Malawi inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Kumapeto kwa 2024 zipolowe za chisankho ku Mozambique zinasokoneza mathiraki. Mu March 2025 boma la Malawi linaletsa kulowetsa katundu wina monga masamba, anyezi, mbatatesi ndi zipatso zina, ndipo mwezi wotsatira Tanzania nayo inatseka zokolola zochokera ku Malawi kwa masiku angapo. Amene amadutsira pa Songwe akukumbukira. Pa zonsezi palibe chimene wa geni anafunsidwa maganizo. Timangodzuka n'kumva.

Ife pakhomo pathu tinaphunzira mochititsa manyazi. Chaka cha corona chija tinakhala miyezi osayenda, tikudya mpamba tsiku ndi tsiku. Nyumba inali ndi mbale zokongola za ku Joni, makatani a ku Joni, koma kuseri kunali fumbi lokhalokha ndi chingwe choyanikapo zovala. Amene anatisunga ndi agogo ena oyandikana nafe, omwe kale tinkawaona ngati otsalira chifukwa cha maungu oyanga pampanda. Madzulo aliwonse ankatiitana n'kutipatsira nkhwani pamwamba pa mpanda, osalipiritsa. Pamene mabasi anayambanso, mpamba unali utatsala wochepa moti tinayambira pangongole, ndipo inatitengera nthawi yaitali kuti tiimenso. Matumba asanu ndi limodzi a bonongwe ndi mpiru amene tinayamba nawo chaka chimenecho ndi amene anakula n'kukhala dimba limene tili nalo lero.

Tsono tibwere ku funso lija: athirira ndani ife tili pamsewu?

Funsoli ndi lenileni, tisalipeputse. Dimba lathu loyamba la tomato linafa lonse. Tinawokera bwinobwino, tinanyamuka, tinachedwa pa boda, pobwera tinapeza timitengo touma. Cholakwika sichinali dzuwa. Tinadzala ngati anthu okhala pakhomo pamene ndife anthu apaulendo. Wa geni ndi dalaivala adzale molingana ndi kayendedwe kake.

Poyamba tidzale zimene zimapirira mwini wake akachoka. Papaya akasamalidwa amabereka chaka chisanathe kapena chitangotha. Tidzale angapo chifukwa ena amatuluka aamuna osabereka. Mango ndi mapeyala omezanitsa amayamba kubereka pakatha zaka zitatu kapena zinayi, pamene a nthangala timawadikira zaka zambiri. Mandimu, magwafa ndi cham'mwamba zikagwira sizivutanso. Chinangwa m'mbali mwa mpanda chimatipatsa chigwada, mbatata imatipatsa kholowa, amene anzathu a ku Zambia amati kalembula. Kambuzi mtengo umodzi umakwana banja lonse. Zimenezi ngakhale titagona pa Nyamapanda masiku anayi tikazipeza zili moyo. Mitengo ing'onoing'ono yokha ndiyo imafuna madzi chaka choyamba, n'chifukwa chake ndi bwino kuidzala mvula ikayamba.

Kachiwiri, ndiwo zathu zachikuda. Bonongwe, nkhwani, chisoso, luni, chitambe, khwanya ndi therere sizifuna mankhwala ambiri ndipo zinazolowera nthaka yathu. Bonongwe pakatha milungu itatu kapena inayi tayamba kuthyola. Tikasiya mitengo iwiri kuti ikhwime, mbewu ya chaka chamawa tapeza, osagulanso.

Kachitatu mpiru, repu ndi chayinizi. Izi zimakonda nyengo yozizira, kuyambira April mpaka August. Timafesa panazale, n'kuwokera pakatha milungu itatu kapena inayi. Chinsinsi chake n'kusafesa paketi yonse tsiku limodzi. Tifese pang'ono milungu iwiri iliyonse, kuti pakhomo pasamakhale sabata ya masamba ochuluka mpaka kuwola kenako mwezi wopanda kanthu. Otsala tifutse. Mfutso wa nkhwani kapena wa chitambe ndi umene umasunga banja mu October ndi November, dzuwa likamatentha miyala.

Tomato abwere pomaliza, ndipo pokhapokha ngati pakhomo pali munthu womuyang'anira. Amafuna kumangirira, kuphata nthambi ndi kumuona tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi ya mvula chiwawu chimamumaliza msanga. Ndi chifukwa chomwecho amakwera mtengo miyezi ya January ndi February.

Pa nkhani ya wothirira pali mawu amene tiyenera kuuzana poyera. Abambo, makamaka inu madalaivala, dimba si chinthu cholima Loweruka n'kusiyira amayi akunyumba Lolemba ngati lamulo. Iwo ali kale ndi ana, zochapa, mwinanso geni yawo pamsika. Tikhale nawo pansi, tigwirizane kukula kwa dimba kumene angathe. Mabedi awiri osamalidwa aposa khumi ouma ndi mkangano pamwamba pake. Nanunso abambo amene amayi ndiwo amapita ku Joni kapena ku Dar, kheni silemera kuposa zikwama zimene iwo amasenza pa boda. Ana tiwapatse bedi lawolawo, ndipo akagulitsako mpukutu umodzi ndalamayo ikhale yawo. Ngati palibe aliyense, tipangane ndi woyandikana naye kuti azithirira n'kumathyolako. Zimenezi zimayenda bwino kuposa kulonjeza mphatso ya ku Joni imene timaiwala.

Ena mukuti tili pa lendi, malo palibe. Ife a geni ndi amene sitingasowe matumba. Thumba la makilogalamu 50 tidzazemo dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, tiboole m'mbali, tiwokere mbande pamwamba ndi m'mabowomo. Matumba anayi kapena asanu pamalo ofika dzuwa akwanira kuchepetsa maulendo a kumsika. Tsiku losamuka timakweza pagalimoto limodzi ndi mipando. Madalaivala muli ndi matayala akutha ndi zigubu zong'ambika, zonsezo ndi mabedi. Chenjezo ndi limodzi: chigubu kapena diramu imene munali dizilo, oyilo kapena mankhwala a kufakitale isayandikire ndiwo za ana, ngakhale itatsukidwa motani. Amene mumadutsa ku Harare mukaponye maso kuseri kwa nyumba za m'malokeshoni. Kamalo kochepa ngati mkeka, koma covo ndi repu zili biriwiri. Anthu aja anadutsa m'mavuto a ndalama oposa athu, ndipo anadziwa pothawira.

Nanga madzi? Apa tisanamizane. Amene amagula madzi pandowa asalime dimba lalikulu, bilu idzadya phindu lonse. Koma pali njira zochepetsera. Bedi lililonse tiphimbire ndi udzu wouma, masamba kapena mapesi, chinyezi chimakhalitsa kwambiri. Tithirire m'mamawa kapena madzulo, osati dzuwa lili paliwombo. Botolo la malita awiri tiboole tibowo ting'onoting'ono, tilikwirire pafupi ndi tsinde n'kudzazamo madzi, limadontha pang'onopang'ono ife tili ku Tete. Madzi otsukira mpunga ndi masamba asatayidwe. Osamba ndi ochapira apite ku mitengo ya zipatso, osati pamasamba odya, ndipo amene muli mankhwala oyeretsera zovala atayidwe kutali.

Feteleza naye wakwera, koma zinyalala za kukhitchini, masamba ogwa, phulusa ndi chitosi cha nkhuku tikaunjika m'dzenje zimasanduka kompositi. Chitosi chachiwisi chimawotcha mbewu, chiyambe chawola. Ambiri kumudzi akupanga manyowa a Mbeya, osakaniza madeya, ndowe, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, n'kumanga m'thumba masiku 21. Mlangizi wa zaulimi wa dera lanu akuuzani miyezo yake. Nsabwe zikagwa pa mpiru, yambani ndi madzi a masamba a nimu kapena a tsabola musanathamangire botolo. Ndipo mankhwala aja ogulitsidwa m'timabotolo topanda chizindikiro m'misika ya m'maboda tisagule. Sitidziwa zimene zili m'katimo, sitidziwanso masiku oyenera kudikira tisanathyole. Odya ndi ana athu omwe.

Tsopano mawu amene akutikhudza ife oyenda kuposa wina aliyense. Tikaona nthochi zonenepa ku Kyela, kapena mbande zokongola ku Polokwane, mtima umafuna kubisa kamodzi pansi pa mpando. Chonde tisatero. Mbewu ndi mbande zimadutsa boda ndi chilolezo cha unduna wa zaulimi komanso chikalata chotsimikiza kuti zilibe matenda. Popanda zimenezo akhoza kulanda, ndipo katundu yense achedwa chifukwa cha kamtengo kamodzi. Choopsa kwambiri si kulandidwako. Matenda a chisaka, amene anamaliza nthochi ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, amayenda ndi nsabwe komanso ndi ana a nthochi amene anthu amanyamula kuchoka dera lina kupita lina. Zotsatira zake tikuziona tokha: dziko limene linkadya nthochi zake linayamba kudalira za ku Tanzania ndi Mozambique. Kambozi ka tomato kotchedwa Tuta absoluta kwawo ndi ku South America, koma lero kali m'madimba athu. Mbewu tigule kwathu konkuno, m'masitolo ovomerezeka a zaulimi, mitengo yomezanitsa kunazale zodziwika kapena kumalo a kafukufuku ngati ku Bvumbwe. Ana a nthochi tifunse kwa alangizi kumene kuli opanda matenda.

Tikudziwa kuti pakati pathu pali amene geni yawo ndi ya masamba yomweyi, opikula ku Lizulu, ku Tsangano ndi ku Jenda. Mwina mukuti tikukuthamangitsirani makasitomala. Ayi ndithu. Kabichi, mbatatesi, anyezi wambiri ndi tomato wa nthawi ya mvula tidzagulabe kwa inu, palibe thumba la kuseri kwa nyumba lingakwanitse zimenezo. Ndipo kasitomala amene mpamba wake uli moyo ndi amene amalipira kashi, osati uja wobwera ndi mawu akuti mundilembe kaye.

Palinso thupi lathuli. Pamsewu timadya chipisi, nyama yowotcha ndi zakumwa zotsekemera, tili chikhalire maola ambiri. Anzathu angati tawaika m'manda chifukwa cha shuga ndi BP asanakwane zaka 55? A bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, amati munthu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 patsiku. Pamsewu n'zovuta, koma masiku amene tili pakhomo papaya wa m'mawa ndi mbale ya bonongwe wotendera zisamasowe.

Dimba la pakhomo silitilemeretsa. Mafuta ophikira, sopo ndi fizi tidzazifunabe kuchokera pa geni. Ntchito yake ndi yakuti tsiku limene boda yatseka, katundu wagwidwa kapena thiraki yafera pakati pa Tete ndi Zobue, kunyumba adye nsima ndi ndiwo popanda kukhudza mpamba.

Ndiye ulendo ukubwerawu tisananyamuke tichite zinthu zitatu. Tikumbe mayenje awiri a papaya. Tidzaze thumba limodzi n'kufesamo bonongwe. Tikhale pansi ndi otsala pakhomo tigwirizane wothirira. Zonsezi sizitha theka la tsiku. Enafe tinayambira pomwepo, ndipo chaka chatha agogo aja ndi amene analandira mapapaya pamwamba pa mpanda.

Muyende bwino nonse, amene muli pamzere pirirani, ndipo Mulungu akufikitseni kwanu ndi katundu yense.